Nachisale ndi Uthenga wa Mkamwini

Dzina lake anati ndi Elinati, ndipo chimene anapempha chinali madzi m'ndowa ndi malo oti munthu asamuone. Chakudya sanapemphe, ngakhale milomo yake inali itauma ndi njala. Anafika dzuwa lili paliwombo, m'nyengo ija anthu atatha kukolola, pamene minda imangokhala mapesi okhaokha ndipo utsi wa okumba mbewa umaoneka uku ndi uku. Anaima kunja kwa bwalo osayandikira, atagwira kajumbo pamimba.

Mwini khomolo anali Nachisale, mayi wamasiye, wa zaka zopitirira pang'ono makumi anayi, munthu wosalankhulalankhula. Anali pakhonde akuswa mtedza.

"Fikani, mayi, khalani pamkekapa," anatero Nachisale.

"Ayi, zikomo, ndingakuipitsireni mkeka. Ndikuchokera kuchipatala chachikulu, ndikupita kwa mchemwali wanga kuseri kwa phiri uko. Galimoto yanditsitsa pamsewu, koma mmene ndililimu sindingapitirire ndisanasambe."

Mphepo itatembenuka, Nachisale anamva fungo, fungo lolemera ngati la nyama yogonera. Anaona kuti chitenje cha mlendoyo chinali chonyowa kumbuyo, ndipo m'miyendo mwake munali mizere ya magazi ouma. Sanatseke mphuno. Ananyamuka, nafunditsa madzi, nakawaika kubafa. Pamwala anasiyapo kachidutswa ka sopo, pampanda wa udzu anapachikapo chitenje chake chochapa. Atabwerera pakhonde, anayamba kuswa mtedza mwaphokoso, kuti mlendoyo adziwe kuti palibe akumumvetsera.

Koma mtima wake sunali pa mtedzawo. Kuti mumvetse chifukwa chake, ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono.

Chimanga chisanaume, kusikelo ya ana kunabwera anamwino ndi njira ina yoyezera khansa ya khomo la chiberekero. Mayi aliyense ankapatsidwa kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga, n'kulowa yekha kuseri kwa nsalu, n'kudzitenga yekha timadzi tam'kati toti akatiyeze. Nachisale anavomera pa chifukwa chimodzi chokha: panalibe womuona. Anamwino anati zotsatira zidzabwera pambuyo pake kudzera mwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu.

Mlangiziyo anali Lefani. Ndipo Lefani anali mkamwini wa Nachisale. Anakwatira mwana wake Esinta, namanga nyumba pabwalo lomwelo, kuseri kwa nkhokwe.

Kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anana, salankhulana. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira kuthengo. Si udani ayi, ndi ulemu. Chilowereni m'banjamo, Lefani anali asanamvepo mawu a apongozi ake akulankhula kwa iye. Akamakhota pangodya ya nyumba ankayamba wakhosomola kaye, kuti mayiwo apeze nthawi yochokapo. Anthu ankamutama kuti ndi mkamwini woleredwa.

Zotsatira zitafika, Lefani anayenda ndi njinga khomo ndi khomo. Amayi ambiri anawauza kuti zili bwino, adzayezetsenso zaka zikapitapo. Ochepa anawauza kuti apite kuchipatala chaching'ono kumene iye ankagwira ntchito, akaonedwe. Dzina la apongozi ake linali pakati pa ochepawo.

"Uwauze amayi apite kuchipatala," anauza mkazi wake.

"Awapeza ndi chiyani?" anafunsa Esinta.

"Zimenezo n'zawo. Ntchito yanga siilola kuti ndiuze munthu wina."

"Munthu wina? Ine? Anandibereka amenewo!"

"Ndikudziwa. Koma thupi ndi lawo."

Uthengawo unafika kwa Nachisale uli waufupi choncho, wopanda mutu, wopanda mchira. Iye anaumalizitsa yekha mumtima. Anati ndi khansa basi, ndikufa. Anakumbukiranso zimene amayi ankanena pamjigo, kuti matendawa amabwera ndi amuna. Iye mwamuna wake anamwalira kalekale, nanga anthu adzati anawatenga kuti? Nanga mkamwini wakeyo, amene waona dzina lake, akuganiza chiyani? Choopsa kuposa zonse chinali bedi lija amati mayi amagonapo atavula. Bedilo linali m'chipatala chimene mkamwini wake amalowa ndi kutuluka tsiku lililonse.

"Ndipita tikatha kukolola," anauza Esinta. Atakolola anati, "Ndipita tikathira m'nkhokwe." Atathira anati mutu ukumupweteka.

Lefani anayesa. Tsiku lina anakhosomola pangodya, koma m'malo modutsa anaima. Nachisale anasiya lichero pansi, nathawira kudimba. Tsiku lina anamudikira panjira ya kumjigo, mayiyo anatula ndowa nalowa m'mapesi, minga ikumukala m'miyendo. Munthu yekhayo amene akanamufotokozera tanthauzo la zotsatirazo anali yemweyo amene mwambo sunkamulola kuima naye pamodzi. Ndipo iye sakanatuma wina, poti chinsinsi sichitumidwa.

Umu ndi mmene zinthu zinalili pamene Elinati anatuluka kubafa, atavala chitenje cha eni khomo. Anakana mkeka kachiwiri, nakhala pa thumba lakale pamthunzi. Nachisale anamupatsa thobwa. Anamwa pang'onopang'ono, akupumira.

"Pepani pofunsa, mayi. Ndi chiyani chikukuvutani?"

"Khansa, mnzanga. Ya khomo la chiberekero. Akuti yafalikira. Andipatsa mankhwala opha ululu okha, andiuza ndikakhale pafupi ndi abale."

Nachisale anasendera pafupi. "Simunayezetse msanga?"

Elinati anaseka, kuseka kopanda mawu. "Ndinayezetsa. Ndi zimenezo zimandipweteka kuposa m'mimbamu. Anandiuza kuti pali kamalo kakang'ono kamene kayamba kusintha, akhoza kukawotcha tsiku lomwelo, ndibwerere kunyumba ndi miyendo yanga. Ndiye ndinafunsa kuti wowotchayo ndani. Anali mnyamata wa kwaya ya kutchalitchi kwathu. Mwana woti ndinamuona akukwawa, amayi ake timakhala benchi limodzi. Ndinati ndikataye madzi kaye. Ndinatulukira khomo lakuseri mpaka kunyumba."

"Osabwererakonso?"

"Ndikabwerere chiyani? Sindinkamva kupweteka paliponse. Ndinkalima, ndinkasenza nkhuni, paukwati ndinkavina kuposa atsikana. Ndinkati anama amenewo. Mvula inagwa n'kutha, kugwanso n'kutha, kangapo konse. Kenako magazi anayamba, osati pa nthawi yake. Ndinabisabe. Pamene fungo linayamba, ndi fungolo linakandinenera kwa ana anga. Lero thupi lomwe ndinkabisira mnyamata mmodzi lija laonedwa ndi madokotala, ophunzira udokotala, okolopa, onse."

M'munda wa pafupi munamveka phokoso. Amuna ena anali atafukiza utsi pa una wa mbewa, agalu akuuwa, wina akufuula kuti, "Iyo! Iyo! Yadutsa uko!" Elinati anayang'ana utsiwo nthawi yaitali.

"Malemu bambo anga anali katswiri wa mbewa," anatero. "Ankati utsi ukalowa, mbewa zimagawikana. Zina zimatuluka, maso a anthu onse ali pa izo, zibonga zili m'mwamba. Mwa zimenezo zina zimagwidwa, koma zina zimapulumuka ndithu. Ndiye pamakhala imodzi yosafuna kuonedwa. Imafika pakhomo, ikaona anthu n'kubwerera m'kati. Imeneyo sathamanga nayo. Amangokumba n'kuitola." Anaika chikho pansi. "Ine ndine mbewa imeneyo, mnzanga. Yamanyazi. Ndinafera ku una kalekale, apa ndikungoyenda."

Nachisale anayang'ana pansi.

"Inu munayezetsa?" anafunsa mlendoyo.

"Ndinayezetsa."

"Zotsatira?"

Nachisale anatola khoko la mtedza, naliphwanya, nalitolanso. Elinati anamugwira pamkono. Dzanja lake linali lotentha, lopepuka ngati la mwana.

"Musandiyankhe ine," anatero. "Ine ndine wodutsa."

Dzuwa litapendeka, Nachisale anakapempha mwini ngolo wa khomo loyandikana nalo kuti amuperekeze mlendoyo. Anayala udzu wofewa m'ngolomo, namupatsira mtedza m'kansalu. Ngolo itapita, anathira phulusa pamene panali thumba lija. Anadikira kuti ikhote kaye, kuti mlendoyo asaone.

M'mawa mwake mwini ngolo anadutsa akupita kukamwetsa ng'ombe. "Mlendo wanu uja, mayi, potsika tinachita kumunyamula," anatero. "Abale ake atangomuona anayamba kulira ngati maliro afika kale."

Nachisale analowa m'nyumba, natseka chitseko. Anadzigwira pamimba, kumanzere, kumanja. Panalibe popweteka. Ananunkhiza zovala zake. Zinkanunkhira utsi wa kukhitchini basi. Dzulo lake zimenezi zikanamulimbitsa mtima. Tsopano zinamuopsa koposa, chifukwa naye Elinati ankavina. M'nyumbamo munali mdima, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuchepa kwake.

Anatsegula chitseko naitana mwana wake. "Esinta, ufa watha. Pita kuchigayo. Mwanayo ndisiyire."

"Ufa ulipo, amayi, dzana lomweli..."

"Ndati pita."

Esinta anayang'ana nkhope ya amayi ake, namasula mwana kumsana, nasenza thumba, napita. Mwanayo anali Zione, khanda loti linali litangoyamba kukhala pansi.

Lefani anali pakhomo pake akupopa njinga. Nachisale anayenda mpaka pankhokwe, malire amene anali asanawadutsepo mkamwini ali pakhomo. Anakhala pansi atafulatira, nakhazika khandalo pamiyendo. Kenako analankhula ndi khandalo mokweza.

"Iwe Zione. Tawafunsa atate ako. Agogo akowa atsala ndi miyezi ingati?"

Pompa inasiya kulira. Kunamveka njinga ikutsamira khoma. Lefani anavula chipewa, ngakhale panalibe womuona, nakhala pansi naye atafulatira.

"Zione," anatero mofatsa, "uwauze agogo ako kuti palibe amene wawawerengera miyezi. Uwauze kuti chimene chapezeka sikuti ndi khansa."

"Nanga akuwaitaniranji?"

"Chapezeka ndi kachilombo, koma si ka Edzi ayi. Kwa amayi ambiri kamatha kokha. Kwa ena kamakhalitsa, n'kuyamba kuwononga khomo la chiberekero mwakachetechete, ndipo mapeto ake ndiye khansayo. Anamwino akufuna aone ngati kayamba kuwononga. Ngati kayamba koma pang'ono, amawotcha malowo ndi kachida kotentha, tsiku lomwelo munthu n'kubwerera kwawo." Anatembenuza chipewa m'manja. "Koma mwana sanamizidwa, Zione. Chimene akachione sindikuchidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti miyezi yapitayi yathandiza kachilomboko, osati agogo ako."

Nachisale anakumbatira mwanayo mwamphamvu mpaka anadandaula. Funso lachiwiri linali lolemera kuposa loyamba. Analinena akuyang'ana tsitsi la khandalo.

"Uwauzenso kuti chimwalirireni agogo ako aamuna, agogo akowa sanadziwe mwamuna wina. Mulungu ndi mboni. Tsono anthu aziti chiyani?"

"Uwauze kuti kachilomboka kamatha kugona m'thupi zaka zambirimbiri osadzionetsa. Amayi ambiri okwatiwa kamodzi kokha ali nako. Si umboni wa mlandu uliwonse. Ndiponso palibe anthu oti anene kanthu. Odziwa nkhaniyi ndi anamwino, ine, ndi iwe Zione. Ndipo iwe ndi mano omwe ulibe."

Khandalo, pomva dzina lake kawirikawiri, linakuwa mokondwa n'kumenya manja. Nachisale anaseka mosafuna, kusekako kunasanduka kulira, ndipo analira ndithu, mapewa akugwedezeka. Lefani sanatembenuke. Anatola kamtengo n'kumajambula pansi mpaka kulirako kunachepa.

"Latsala limodzi," anatero mayiyo akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Pabedi paja. Atate ako amakhalapo?"

"Aaa, Zione! Atate ako ntchito yawo ndi kukweza ana pasikelo ndi kuthira mankhwala m'zitsime. M'chipinda chimenecho sanapondemo n'kamodzi komwe. Muli mayi namwino wa imvi, wamkulu kuposa agogo ako. Ndipo tsiku limene apite, atate ako adzakhala kumidzi ya kutsidya kwa mtsinje mpaka madzulo."

Nkhunda zinkalira padenga. Kenako Nachisale anachita chimene sanachitepo. Sanatembenuke thupi lonse, anangopotoza khosi pang'ono, nalankhula osadzera mwa mwana.

"Bambo a Zione."

"Wawa, amayi."

"Ndipita mawa."

"Zikomo, amayi."

Mwambo wa kwathu umati amene wayamba kutsegula pakamwa pa mpongozi mnzake apereke nkhuku, kuti mawuwo asakhale chipongwe. Onse awiri ankaudziwa. Ankadziwanso kuti nkhuku za Nachisale zinali zitatha ndi chitopa chaka chimenecho. Palibe anaitchula.

Anapita ndi Esinta. Panjira anamuuza yekha zonse, akuyang'ana kutsogolo, ndipo Esinta anangomulanda kathumba kamene kanali m'manja mwake n'kukanyamula iye. Pofika pachipatala, Nachisale anayang'ana pamtengo pamene alangizi amaimika njinga. Ya mkamwini wake panalibe.

M'chipindamo munkanunkha viniga. Anagona pabedi. Anaona khomo lakuseri lili lotsegula pang'ono, kunja kukuoneka nthochi ndi kanjira. Analiyang'ana khomolo. Namwino wa imvi uja anamufunditsa chitenje m'mawondo, nafumbata kachitsulo kopimira m'manja mwake kuti kafunde kaye.

"Ndipaka viniga, mayi, tidikire pang'ono. Malo odwala amayera."

Kudikira kumeneko Nachisale amati sadzakuiwala. Namwino ankaunika ndi tochi. Panja mwana wina ankalira. Iye ankangoona mizere ija m'miyendo mwa Elinati.

"Alipo malo oyera," anatero namwino pomaliza. "Si aang'ono kwenikweni. Akanakula kuposa apa ndikanakutumizani kuchipatala chachikulu. Koma awa ndiwatha pompano. Mukuvomera?"

Nachisale anachotsa maso pakhomo lija. "Wotchani," anatero.

Anamva kupotokola m'mimba ngati kwa kumwezi, ndipo asanamalize pemphero lake namwino anati zatha. Anamuuza kuti azituluka madzimadzi kwa milungu ingapo, asaope, ndipo abwerenso chaka chikatha kuti adzaone ngati malowo apola. Mantha sanathere pomwepo ayi. Chaka chonsecho kanthu kakamulasa m'chiuno ankaima chilili ndi khasu m'manja. Koma anabwererako monga anamuuzira, ndipo mpaka lero akulima.

Mawu a mlendo uja anatuluka m'kamwa mwake tsiku lina pamjigo. Mayi wina wachitsikana, amene nayenso anaitanidwa kuchipatala, ankauza anzake kuti iye sangavulire munthu amene si mwamuna wake, bola kufa. Ena ankaseka. Nachisale, amene anthu ankamudziwa kuti pamjigo amangopereka moni, anatula ndowa nati, "Mwanawe, mbewa yamanyazi inafera ku una." Kenako anamutengera pambali, namuuza za Elinati ndi za iye mwini. Anam'perekeza yekha.

Ena adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa zipatala, ndipo sindingakangane nawo. Koma kwathu mukafunsa kumene unachokera, adzakulozerani khonde la Nachisale.

Mbewa yamanyazi inafera ku una. Tanthauzo lake ndi ili, atsikana anzanga. Manyazi si oipa. Ndi amene amatiphunzitsa kugwada, kufulatira, kupatuka panjira. Koma una umene umakubisa tsiku labwino ndi womwewo umakutsekera utsi ukalowa. Amene watuluka n'kunena vuto lake amaonedwa, inde, mwina amasekedwa, koma ali ndi mwayi. Amene wabwerera m'kati alibe mwayi uliwonse, ndipo pomaliza amaonedwabe, atakumbidwa. Matenda ena sagogoda. Tsiku lanu loyezetsa likadzafika, kapena akadzakuitanani kuti mukamve zotsatira, musadzamalizitse nokha uthenga mumtima. Kafunseni. Ngati pakamwa pakulemera, funsani mutafulatira, funsani kudzera mwa khanda, koma funsani.

Mvula yoyamba itagwa chaka chija cha chitopa, Nachisale anapita kukacheza kwa mlongo wake kumudzi wakutali, nabwerako madzulo ndi kanthu m'chitenje. M'mawa Lefani potuluka anapeza msoti wofiira utamangiriridwa ku tayala la njinga yake. Pabwalo panalibe munthu, kunkangomveka tsache kuseri kwa nkhokwe. Sanafunse kuti wachokera kuti. Anaumasula miyendo, nauthirira madzi m'phale, poti unali utayenda ulendo wautali.